Carver wa ku Tuskegee ndi Nchito Imene Anasankha

Pa manda a sukulu ya Tuskegee, m'chigawo cha Alabama ku America, pagona moyandikana anthu awiri amene pa moyo wao anakangana kawirikawiri. Woyamba ndiye Booker T. Washington, amene anayambitsa sukuluyo m'chaka cha 1881 kuti ana a anthu omasulidwa ku ukapolo aphunziremo. Wachiwiri ndiye George Washington Carver, mphunzitsi wa ulimi, amene anafika pamenepo m'chaka cha 1896, nakhalapo kufikira imfa yake m'chaka cha 1943. Kangapo konse analemba makalata akuti asiya nchito, koma sanachoke. Tifuna kulongosola mbiri ya wachiwiriyu, pakuti ambiri amene anamva dzina lake anangomva kuti ndiye anapanga zinthu mazana atatu ndi mtedza. Ndipo mbiri yotere, ngakhale ikoma m'makutu, ibisa munthu weniweniyo. Funso lathu ndi ili: kodi anapezamo chiani m'nchito imene inamsunga pamalo amodzi zaka zonsezo, pakati pa mikangano, pa nthaka yoguga imene alimi ambiri anali kuithawa?

Anabadwa kapolo cha m'chaka cha 1864, nkhondo yaikulu ya pakati pa zigawo za kumpoto ndi za kumwera kwa America iri pafupi kutha. Tsiku lake palibe analilemba, pakuti masiku obadwa a ana a akapolo sanali kuwerengedwa. Mai wake, dzina lake Mary, anali kapolo wa mlimi wa Chizungu wotchedwa Moses Carver, pafupi ndi mudzi wa Diamond m'chigawo cha Missouri. Mwanayo ali wakhanda, achifwamba anafika usiku, naba mai ndi mwana yemwe, nathawira nao ku Arkansas. Moses Carver anatuma munthu kukawalondola, ndipo munthuyo anabwera ndi mwana yekha. Mai sanaonekenso konse. Mphotho imene wolondolayo analandira inali kavalo. Ife amene makolo athu anadziwa goli, naona anthu akusinthanitsidwa ndi nsalu ndi mikanda pa madooko a nyanja, sitidabwa kwambiri pakumva za mwana amene mtengo wake unali kavalo mmodzi.

Ukapolo utathetsedwa m'chaka cha 1865, Moses Carver ndi mkazi wake Susan analera George pamodzi ndi mkulu wake Jim. Jim anali wamphamvu, ndipo anapita kumunda. George anali wodwaladwala, ndipo anatsala pakhomo, naphunzira kuphika, kuchapa, kusita, kusoka ndi kuluka. Anyamata ena akadanyoza nchito zotere kuti nza akazi, koma iye anazigwira bwino, ndipo ndizo zinamlipirira sukulu zaka zambiri. Nthawi yotsala anali kuyenda m'thengo, nazula timaluwa, nakatibzala pa kadimba kake kobisika. Kotero kuti anansi anayamba kumuitanira zomera zao zofota, namutcha sing'anga wa zomera.

Ku Diamond kunalibe sukulu yolandira ana akuda. Ali ndi zaka ngati 12 anayenda mamailosi 8 kunka ku Neosho kumene kunali sukulu yotere, ndipo kuyambira pomwepo anakhala woyendayenda zaka zoposa khumi, makamaka m'chigawo cha Kansas: apa aphunzira miyezi ingapo, ndalama zikatha achapa zovala za anthu kapena aphika, zikapezeka abwerera ku sukulu. Ku Fort Scott, m'chaka cha 1879, anaona ndi maso ake khamu la Azungu likupha munthu wakuda pa mseu popanda bwalo la milandu, ndipo anachoka m'mudzimo msanga. Pambuyo pake koleji ya ku Highland inamlandira mwa kalata. Koma pamene anafika, akulu a kolejiyo ataona khungu lake, anambweza pakhomo.

Tsono tifika pa mphambano yoyamba. M'chaka cha 1890 analowa koleji ya Simpson m'chigawo cha Iowa, ali munthu wamkulu kale, ndipo sanalowere ulimi iai. Analowera kujambula zithunzi ndi utoto, ndi kuimba piyano. Kujambula ndiko anakukonda koposa zonse. Ndalama za sukulu anazipeza monga mwa masiku onse, ndi mabeseni ochapira ndi simbi yositira. Mphunzitsi wake wa zojambula, Etta Budd, anaona kuti luso anali nalo ndithu. Anaonanso kuti zithunzi zake zambiri zinali za maluwa ndi zomera, zojambulidwa ndi munthu wodziwa m'mene tsamba limera pa phesi. Koma anaopa kuti munthu wakuda wa masiku amenewo sakadadya ndi zithunzi, pakuti ogula anali Azungu. Atate ake a mphunzitsiyo anali kuphunzitsa za mitengo ya zipatso ndi madimba ku koleji ya ulimi ya ku Ames, m'chigawo chomwecho, ndipo iye analangiza Carver kuti apite kumeneko. Carver anayamba wazengereza, koma m'chaka cha 1891 anapita.

Alipo amene ati kumeneku sikunali kusankha, koma kukankhidwa ndi tsankho la dziko. Mau ao ali ndi choona chake, ndipo sitiwakana. Koma tiyeni tifunsane, abale: ndani mwa ife anaimapo patsogolo pa makomo khumi otseguka, nalowa limene afuna? Ambiri apeza makomo awiri, kapena limodzi. Carver mwini anali atatsimikiza mumtima kuti maphunziro ake ayenera kupindulitsa anthu a mtundu wake, ndi kuti chithunzi cha duwa sichikadathandiza munthu wa njala monga munda wobala. Utoto sanautaye konse. Chimodzi cha zithunzi zake chinasankhidwa kukaonetsedwa pa chionetsero chachikulu cha ku Chicago m'chaka cha 1893. Koma kuyambira tsopano kujambula kunali kwa madzulo, usana unali wa nthaka.

Ku Ames anali wophunzira wakuda woyamba, ndipo masiku oyamba anamdyetsa m'chipinda cha pansi pamodzi ndi anchito, osati ndi ophunzira anzake. Zimenezi sizinakhalitse. Anatsiriza digiri yoyamba m'chaka cha 1894 ndi yachiwiri m'chaka cha 1896, nakhala wothandiza wa Louis Pammel, katswiri wa matenda a zomera, amene anamphunzitsa kuzindikira chuku, chiwawu ndi tibowa tating'ono timene tidwalitsa mbeu. Pamenepo woyendayenda uja anapeza malipiro, zipangizo zabwino ndi abwenzi omlemekeza, ndipo akadatha kukhala pomwepo kufikira ukalamba.

Mphambano yachiwiri inadza ndi kalata ya Booker T. Washington, yomuitana kukayambitsa maphunziro a ulimi ku Tuskegee. Nthano imene ikambidwa kawirikawiri iti anapita kukagwira nchito ngati ya ulere, koma si momwemo. Analandira malipiro oposa a aphunzitsi ambiri a pamenepo, napemphanso zipinda ziwiri, china chogonamo china chosungiramo zomera zake zouma, pamene anzake osakwatira anali kugona awiriawiri m'chipinda chimodzi. Ndipo ichi chinamutsira nsanje kuyambira pachiyambi. Chimene anasiya ku Iowa si ndalama, koma zipangizo, ndi mtendere, ndi ufulu wakuyenda pa mseu wosaopa, pakuti kumwera malamulo a tsankho anali kukulirakulira. Atangofika analembera akulu a sukulu kuti sayembekeza kuphunzitsa zaka zambiri. Akapeza womsiyira nchito adzabwerera ku zojambula zake.

Kuti timvetse nchito imene anaipeza, tiyenera kuona alimi a ku Alabama a masiku amenewo. Ukapolo unatha, koma minda inatsala m'manja mwa eni ake akale. Munthu womasulidwa analima pa munda wa mwini dziko, napereka gawo la zokolola, kawirikawiri theka. Mbeu, ufa ndi nsalu anatenga pa ngongole ku sitolo, ndipo mwini sitolo sanalole chikole china koma thonje. Chifukwa chake thonje linabzalidwa chaka ndi chaka pa munda womwewo, kufikira pa khomo la nyumba, osasiya ngakhale kadimba ka ndiwo. Pokolola ngongole inadya zonse, nitsalako ya chaka cha mawa. Nthaka inaguga, ndipo mvula inaikokolola, nikumba zigwembe zofiira. Chakudya cha banja chinali ufa wa chimanga, mafuta a nkhumba ndi manyuchi a nzimbe, chaka chonse, ndipo ambiri anadwala nthenda yosupula khungu imene idza pamene munthu adya chimanga chopanda ndiwo zokwanira.

Pa sukulu penipeni anapeza kuti chipinda choyeseramo zinthu panalibe. Anatenga ophunzira ake kunka nao kudzala, natola mabotolo, zitini ndi mawaya, napanga nazo zipangizo zoyamba. M'chaka cha 1897 boma la Alabama linalola kuti pa Tuskegee pakhale munda woyeserapo mbeu, wa maekala khumi, ndipo nthaka yake inali yoguga ngati ya alimi ozungulira. Apa ndipo tiona mtima wa mmisiri. Minda yoyesera ya Azungu inali kuonetsa zimene feteleza wogula ndi makasu a makina atha kuchita. Carver anayesanso feteleza poyamba, koma posachedwa anadziikira lamulo lakuti aphunzitse zokhazo zimene mlimi wa nyuru imodzi ndi ngongole ku sitolo angathe kukachita mawa lomwe. Lamulo lotere lichepetsa ulemu wa katswiri pamaso pa akatswiri anzake, pakuti zotulukamo sizidabwitsa; koma iye analisunga, ndipo ife tiyesa kuti pamenepa ndipo panagona kunyada kwake kwenikweni.

Mankhwala ake a nthaka anali awiri. Oyamba ndiwo manyowa: masamba ogwa m'nkhalango, matope akuda a m'dambo, phulusa, ndowe ndi zinyalala za pakhomo, zounjikidwa kufikira zitaola. Achiwiri ndiwo mbeu za m'gulu la nyemba, makamaka khobwe, ndi pambuyo pake mtedza ndi soya. Mukazula khobwe kapena mtedza ndi kuyang'anitsa mizu, mudzaona timatuza tating'ono tomamatira pamenepo. M'timatuzamo mukhala tizirombo tosaoneka ndi maso, timene titenga mpweya wotchedwa naitrojeni ndi kuusandutsa chakudya cha mbeu. Thonje ndi chimanga zidya chakudyachi osabwezera. Khobwe asiyako china m'nthaka. Chinsinsi ichi sanachitulukire Carver. Akatswiri a ku Germany anachifotokoza m'zaka za m'ma 1880, ndipo amai a kwathu kuno anali kubzala khobwe ndi nyemba pakati pa chimanga asanamve konse za tizirombo. Nchito yake inali yakufikitsa nzeruyo pa khomo la munthu wosadziwa kuwerenga, ndi kumuonetsa pa munda woguga ngati wake kuti chitheka.

Koma anadziwa kuti mlimi sangabzale chimene mkazi wake sadziwa kuphika. Chifukwa chake timabuku take, timene tonse pamodzi tinakwana 44, tinali tosiyana ndi ta akatswiri ena: m'kabuku kamodzi munali malangizo a mlimi, mau pang'ono a mphunzitsi, ndi kaphikidwe ka mai wa pakhomo. Koyamba, ka 1898, kanali kophunzitsa kudyetsa ziweto njere za mitengo ya m'nkhalango zimene zinali kungoolera pansi. Ka 1905 kanali ka kuutsa nthaka yoguga. Ka 1916, kamene kanamveka koposa, kanali ka kalimidwe ka mtedza ndi njira 105 zoukonzera kuti udyedwe. Analembanso za mbatata, za matimati, za kufutsa ndiwo ndi zipatso, ndi za kusunga nyama ya nkhumba m'nyengo yotentha. Apa luso limene anaphunzira pa moto wa Susan Carver linagwira nchito yake.

Popeza ambiri sanadziwe kuwerenga, anawatsata kwao. Pa masiku opuma anakwera ngolo, nayenda m'midzi, nalankhula ndi anthu pabwalo la tchalitchi atatuluka m'mapemphero, kapena pa khonde la mlimi, mbeu ziri m'manja. M'chaka cha 1906 maulendowa anasanduka sukulu yoyenda, ndiyo ngolo yonyamula makasu, mbeu ndi zipangizo za mkaka, imene ndalama zake anapereka Morris Jesup wa ku New York. Posachedwa inaperekedwa m'manja mwa Thomas Campbell, wophunzira wa pa Tuskegee pomwepo, amene anakhala mlangizi wa ulimi wakuda woyamba kulembedwa ndi boma la America.

Kanthu kena tisakadumphe. Poyenda m'zigwembe anaona kuti dongo la ku Alabama liri la mitundu yambiri, loyera, lachikasu, lofiira; ndipo anapeza njira yolisungunula ndi kulisefa kuti likhale utoto wopaka nyumba. M'chaka cha 1911 analemba kabuku kophunzitsa alimi kuchita chomwecho osagula kanthu. Wina angafunse kuti munthu wa ngongole ali nalo nchito yanji khoma lokongola. Carver anakhulupirira kuti munthu wokhala m'nyumba yotsira bwino, ya maluwa pakhomo, ayamba kudziyesa munthu. Ndipo amai athu amene azira pansi ndi kukometsa makoma ndi dothi la mitundu sadzafuna kuti tiwafotokozere zimenezi.

Tisaganize kuti zaka zimenezi zinali za mtendere. Washington anali munthu wa dongosolo, wofuna malipoti ndi mawerengero tsiku ndi tsiku. Ndipo anasenzetsa Carver, pamwamba pa kuphunzitsa ndi kuyesa mbeu, minda iwiri ya sukulu, ng'ombe za mkaka, nkhumba ndi nkhuku, ngakhale madzi ndi zimbudzi. Carver sanali kapitao wabwino. Mabuku a chuma anamtopetsa, ndipo khola la nkhuku linamchititsa manyazi chaka ndi chaka, nkhuku zikufa ndi kusowa. Analinso munthu wokonda kuyamikiridwa, wokhumudwa msanga akadzudzulidwa. Makalata anayenda pakati pa awiriwa, ena owawa ndithu. M'chaka cha 1910 anamchotsa pa ukulu wa maphunziro a ulimi, namsiyira nchito ya kufufuza ndi munda woyesera, ndipo iye anaopseza kuti achoka, monga anachita kale ndi monga anachitanso pambuyo pake. Walira mvula walira matope. Pa mlandu wa nkhuku ife tiyesa kuti Washington ananena zoona; pa mlandu wakusenzetsa munthu mmodzi katundu wa anthu asanu, wonena zoona anali Carver. Washington atamwalira m'chaka cha 1915, Carver anamlira masiku ambiri.

Nanga chinamgwira nchiani? Amene anakhala naye anasimba zofanana. Anali kudzuka 4 koloko kusanache, nalowa m'nkhalango yekha, nabwera ndi masamba, miyala ndi tibowa. Ndipo anati nthawi imeneyo ndiyo analankhula ndi Mlengi ndi kulandira nchito ya tsikulo. Tsiku liri lonse anatsomeka duwa latsopano pa jekete lake lakale. Kuyambira 1907, atapemphedwa ndi ophunzira, anaphunzitsa Baibulo madzulo a Sabata, nalowa nazo m'kalasi zomera ndi miyala kuti ziwathandize kumva za chilengedwe. Sanakwatire, ndipo anyamata amene anawaphunzitsa anawatcha ana ake. Kwa iye kuzula udzu ndi kufunsa kuti uli ndi nchito yanji sikunali kolemetsa. Ndicho chimene anachita wopanda malipiro pa kadimba kobisika ka ku Diamond. Malipoti ndi nkhuku zinamtopetsa, koma zinali za pambali, ndipo sizinafike pa phata la nchitoyo.

Kutchuka kunamfikira mochedwa, ndipo kunadzera njira yachilendo. Kachirombo konga nankafumbwe, koboola thonje lisanaphulike, kanalowa ku Texas kuchokera ku Mexico m'chaka cha 1892, nikafika ku Alabama cha m'chaka cha 1910, nikaononga minda yosawerengeka. Alimi ambiri anatembenukira ku mtedza, makamaka pamene nkhondo ya 1914 inakweza mtengo wa mafuta ophikira. Ndipo anthu a mudzi wa Enterprise, atapindula ndi mtedzawo, anamangira kachiromboko chipilala m'chaka cha 1919, chimene chilipo kufikira lero. M'chaka cha 1921 eni malonda a mtedza anatuma Carver ku likulu la dziko kukalankhula pamaso pa komiti ya Nyumba ya Malamulo, kupempha msonkho pa mtedza wochokera kunja. Anampatsa mphindi 10. Anatsegula bokosi lake, nayamba kutulutsa mkaka, ufa, maswiti, utoto ndi chakudya cha ziweto, zonse za mtedza. Ndipo aphungu, amene ena a iwo anayamba ndi kumseka, anamuonjezera nthawi kufikira ananena zonse. Msonkhowo unaikidwa, ndipo manyuzipepala anamtenga.

Kuyambira pamenepo nthano zinakula kuposa munthu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Anati ndiye anatulukira chiponde cha m'mabotolo, pamene ena anali atachilembetsa kale ku boma m'zaka za m'ma 1880 ndi 1890, osanena za amai amene anasinja chiponde mumtondo kuyambira kale lomwe. Anati zinthu zake 300 za mtedza zinapulumutsa chuma cha kumwera konse. Koma zambiri za izo zinali kaphikidwe kodziwika kale, kapena zoyesa zimene sizinafike pa msika, ndipo zikalata za boma zotsimikiza kuti chinthu anachitulukira ndiye analandira zitatu zokha, zosampindulira kanthu. M'zaka za m'ma 1930 anthu anadza nao kwa iye ana opuwala ndi poliyo kuti awatikite ndi mafuta a mtedza. Kutikitako kunathandiza ena, koma mafutawo analibe mphamvu imene iye anayembekeza. Ndipo Azungu ambiri a kumwera anakonda mbiri yake pa chifukwa china: inawapatsa munthu wakuda wofatsa, wosafunsa poyera za voti kapena za malo, amene akadamloza ponena kuti zonse ziri bwino. Carver sanakonze nthanozi monga akadayenera. Kuyamikiridwa kumene anakusowa m'masiku a nkhuku kunamkomera, ndipo ichi tichiyesa chofooka chake chachikulu.

Chowawa koposa ndi ichi, chakuti alimi osauka amene anawadzera sanatuluke m'umphawi monga iye analota. Munthu wolima munda wa mwini sangathire manyowa ndi mtima wonse, podziwa kuti nthaka ikakoma lendi idzakwera kapena adzamchotsapo; ndipo sangabzale khobwe pamene mwini ngongole afuna thonje. Malangizo anali oona, koma mfundo inali pa funso lakuti nthaka nja yani, ndipo mfundo imeneyo khasu silikadaimasula. Amene anali ndi minda yaoyao anapindula ndithu. Ambiri a otsalawo, kuyambira m'zaka za nkhondo ya 1914, anasiya makasu nakwera sitima kunka ku mizinda ya kumpoto, monga Chicago ndi Detroit.

Tsono ngati timuyesa munthuyu ndi muyeso wa manyuzipepala, tipeza kuti anamkuza mopitirira; ngati timuyesa ndi muyeso wa maloto ake, tipeza kuti sanafikepo. Koma tiyang'ane zimene anachita ndi masiku ake atatchuka, pakuti munthu akamasuka ku njala ndi kwa omlamulira ndipo aonetsa chimene akonda. Makalata anamfikira miyandamiyanda, ena a anthu akulu, ambiri a alimi wamba otumiza dothi m'kabokosi, kapena tsamba lodwala, kapena madzi a pachitsime. Ndipo anawayankha osalipiritsa. Anakhalabe m'zipinda za pa sukulu, navalabe majekete ake akale, ndipo macheke a malipiro ake nthawi zina anagona m'kabati osatengeredwa ku banki. Atakalamba anabwerera ku nchito imene anaphunzira kwa Pammel, imene siibweretsa dzina m'nyuzipepala: kutola tibowa todwalitsa mbeu, kutiumitsa, kutilemba maina ndi malo amene tinapezeka, ndi kutitumiza kwa akatswiri a boma. M'chaka cha 1935 boma la America linamlemba kukhala wothandizana nalo pa kufufuza matenda a zomera, ndipo tina ta timene anatumiza tinali tosowa kwambiri m'dzikomo. Pa nchito imeneyi palibe nthano yofuna kukonzedwa.

M'chaka cha 1940 anapereka ndalama zimene anasunga, madola oposa 30,000, kuti ziyambitse thumba lopitiriza kufufuza za ulimi pa Tuskegee, ndipo zotsala anazisiyira thumba lomwelo. Miyendo itafooka, bwenzi lake Henry Ford, wopanga magalimoto, anamuikira chikepe m'nyumba imene anali kugona. Sukulu inampatsa nyumba yakale yochapiramo zovala kuti asungemo nchito za moyo wake, ndipo anaikonza pamodzi ndi womthandiza wake Austin Curtis: mabotolo a ndiwo zosungidwa, zitsanzo za dothi, utoto wa dongo, zoluka za manja ake, ndi zipangizo zija zotola kudzala. M'chaka cha 1941, patapita zaka 50 chichokere iye ku Simpson, anaonetsa m'nyumbamo zithunzi zake, zina zojambulidwa ndi dongo la ku Alabama. Kumapeto kwa 1942 anagwa, ndipo anamwalira pa 5 Januwale 1943. Chaka chomwecho boma la America linapatula malo amene anabadwira ku Diamond kuti akhale chikumbutso cha dziko lonse, ulemu umene munthu wakuda anali asanaulandirepo. M'chaka cha 1947 moto unabuka m'nyumba yochapira ija, ndipo zithunzi zambiri zinapsa.